Yezani kulemera kwa 4x4 yanu musanailowetse m'matope

Suzuki Jimny yopanda katundu imalemera makilogalamu pafupifupi 1,100. Toyota Hilux ya double cab imapitirira 2,000 pang'ono, pamene Land Cruiser 200 imafika cha m'ma 2,700. Zonsezi zimakoka ndi mawilo anayi, koma mukazilowetsa m'dambo limodzi mwezi wa February, si zachilendo kuona kaJimny katatulukira tsidya lina pamene chigalimoto cholemera chija chakhala pansi ndi mimba. Giya ya 4x4 imangogawa mphamvu ya injini ku mawilo onse. Sichotsako ngakhale kilogalamu imodzi pa zimene nthaka ikusenza.

Yambani ndi manambala

Pa chipilala cha chitseko cha dalaivala kapena m'kati mwa boneti pamakhala kachitsulo kapena kapepala komata kolembedwa GVM. Uku ndi kulemera kotsiriza kumene galimotoyo imaloledwa kufika itanyamula zonse: anthu, mafuta, katundu ndi chilichonse chimene mwaimangirira. Chotsanipo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, kumene kuli m'buku lake. Chotsalacho ndiye chanu.

Tiyerekeze pikapu ya GVM 3,000 imene yopanda kanthu imalemera 2,100. Mwatsala ndi 900, ndipo ambiri amaganiza kuti amenewa ndi matumba 18 a chimanga. Ayi ndithu. Anthu asanu a makilogalamu 75 aliyense adya 375. Bampala yachitsulo yakutsogolo yatenga 70, winchi (makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira) 40, kanope ya kumbuyo 80, tayala lachiwiri la sipeya 35. Lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 840, choncho zigubu zinayi zachitsulo za malita 20 ndi makilogalamu 84 pamodzi ndi zigubuzo. Madzi malita 40 ndi makilogalamu 40, ndipo jeke, fosholo, zingwe ndi masipanala ndi 50. Zonse pamodzi 774. Kwatsala 126, matumba awiri ndi theka basi. Komanso makampani ena akamalemba kulemera kwa galimoto yopanda kanthu amawerengera malita 10 okha m'thanki, ndiye mukadzaza thanki ya malita 80, thumba linanso lapita.

Jimny ija isakunamizeni. GVM yake ndi 1,435, kutanthauza kuti akuluakulu anayi ndi zikwama zawo aimaliza. Kupepuka kwake kumaithandiza pokhapokha ikhale yopepukadi.

Masamu a papepala amasiya zambiri, choncho pakirani galimoto monga mmene mudzayendere, anthu onse alimo, mupemphe kuyeza pa sikelo ya malole. Yezani katatu: mawilo akutsogolo okha, galimoto yonse, kenako akumbuyo okha. Ekiselo iliyonse, kutanthauza chitsulo cholumikiza mawilo awiri akutsogolo kapena akumbuyo, ili ndi malire ake m'buku, ndipo yakumbuyo imatha kupyola malire GVM isanakwane.

Pamene katundu wakhala

Apa ndi pamene ma double cab ambiri amapwetekera. Bodi yawo mbali yaikulu ili kumbuyo kwa ekiselo yakumbuyo, ndiye katundu wa kumapeto amagwira ntchito ngati munthu wokhala kunsonga kwa thabwa lotsamira pamwala. Pa Hilux, kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kufika yakumbuyo pali mamita 3 ndi pang'ono. Mukaika matumba anayi a simenti, makilogalamu 200, mita imodzi kumbuyo kwa ekiselo, ekiseloyo imasenza pafupifupi 265, ndipo kutsogolo kumapepuka ndi 65. Chiwongolero chimayamba kumveka chopepuka, galimoto imakana kukhota m'matope, ndipo pokwera chitunda mawilo akutsogolo amangopalasa. Mukagunda dzenje mothamanga, mphamvu yonseyo imakathera pa chasisi pakati pa kebini ndi bodi. Mpata wa pamenepo ukayamba kukula chakumwamba, dziwani kuti chasisi yapindika.

Zolemera zonse, monga zigubu, mabatire, simenti ndi feteleza, zikhale pansi, zogunda kebini, ndipo zimangidwe ndi malamba. Matiresi ndi zofunda ndiye zipite kumapeto.

Kariyala yapadenga ndi ya zinthu zopepuka. Magalimoto ambiri amaloledwa makilogalamu 75 mpaka 100 padenga, kuphatikizapo kariyalayo, ndipo kaJimny kamaloledwa 30 okha. Malire amenewa ndi a pa tala. Pa msewu wa mabampu chepetsani ndithu. Zigubu zinayi padenga zimakweza pakati pa kulemera kwa galimoto, ndipo pamalo opendekeka, tayala lakumunsi likalowa m'ngalande, imagubuduzika pomwe ina yopakira bwino ikadadutsa.

Masipuling'i olimba amadzutsa kumbuyo, galimoto n'kuoneka yowongoka, koma mabeyaring'i, mabuleki ndi chasisi ndi zomwe zija. GVM siisintha.

Mpweya wa m'matayala

Chimene chimakutitimizani si kulemera kokha, koma kulemera pa kadera kamene tayala lagunda pansi. Tayala losenza makilogalamu 800 lili pa 2.4 bar, yomwe ndi 35 psi, limaponda malo okwana pafupifupi masentimita 330 a sikweya. Mukatsitsa kufika 1.2 bar, yomwe ndi 17 psi, malowo amatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Phazi la tayala limatalika kuposa mmene limatambalalira, ndipo kutalikako ndi kumene kumayandamitsa galimoto.

Mu mchenga wofewa wa m'mbali mwa nyanja kapena mumtsinje wouma, pikapu yodzaza iyambe pa 1.4 bar, ikavuta itsike kufika 1.2. Galimoto yopepuka ngati Jimny imafunika kutsika kuposa pamenepo, chifukwa ilibe kulemera kophwatalalitsa tayala. Pamiyala ndi m'matope, 1.6 mpaka 1.8 imakwanira. Kutsika pansi pa 1.0 bar ndi kongodzipulumutsira mamita ochepa: mukakhota mwamphamvu, tayala limachoka pa limu.

Galimoto yolemera ili ndi vuto lapadera. Ndi imene imafunitsitsa mpweya wochepa, komanso ndi imene imaphulitsa tayala lofewa. Mbali za tayala zimapindika pa kuzungulira kulikonse, zimatentha, ulusi wa m'kati n'kuduka. Mukatsitsa mpweya musapitirire makilomita 30 kapena 40 pa ola, ndipo popani musanabwerere pa tala. Ngati mulibe pampu ndi geji, musatsitse n'komwe. Onaninso nambala ya pambali pa tayala yosonyeza kulemera kumene tayalalo lingasenze: 112 ndi makilogalamu 1,120, pamene 120 ndi 1,400, ndipo manambalawa amagwira tayala likakhala lopopa mokwanira.

Matope sali amodzi

Matope osaya okhala ndi nthaka yolimba pansi, ngati katondo woterera mvula itangogwa, kulemera kumathandizako, chifukwa mano a tayala amaboola n'kukagwira polimba. Dambo ndi makande a ku Chigwa cha Shire kapena ku Luangwa ndi nkhani ina. Pansi palibe pogwira, ndipo makande amamata m'mano a tayala mpaka lisalale ngati dzira, n'kudzaza m'madigadi. Tsikani muyende kaye ndi ndodo. Ndodoyo ikalowa kupitirira kutalika kwa difu (chitsulo chotupa cha pakati pa ekiselo) kuchokera pansi, galimoto yodzaza siidutsa. Tsitsani anthu ndi matumba, muwolotse pamutu. Kutaya theka la ola pamenepo kuli bwino kusiyana ndi kukumba mpaka dzuwa kulowa. Mukakhala ndi magalimoto angapo, yopepuka itsogole, popeza yolemera imasiya mikwasa yakuya imene inzake imakhalira pamimba.

Mawilo akayamba kuzungulira pamodzimodzi, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo. Galimoto ya matani atatu imadzikumbira dzenje m'masekondi ochepa.

Zitunda ndi milatho

Potsika msewu ngati wa Gorodi, wochokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba, umene uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, mabuleki okha sangagwire galimoto yodzaza. Kutentha kumene amalandira kumakula molingana ndi kulemera, ndipo mafuta a mabuleki akawira, chopondera chimangolowa mpaka pansi. Lowetsani low range, giya ya 4x4 yoyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu, musanayambe kutsika, giya yoyamba kapena yachiwiri, injini igwire galimoto. Musaponde kilatchi pakati pa chitsetse. Mukamva fungo la mabuleki, imani pamalo athyathyathya, muike mwala kutayala, azizire.

Pa msewu wautali wa timabampu tonga malata, monga wopita ku Nyika nthawi yachilimwe, amavutika ndi mashoko. Akatentha amasiya kugwira, kumbuyo n'kumavina. Pumani mukaona zimenezi.

Mlatho wa matabwa muuone kunsi, osati pamwamba pokha. Imene imasenza ndi mitanda yapansi, choncho matayala ayende pamwamba pa mitandayo, pang'onopang'ono, opanda kuponda buleki, anthu atatsika.

Ikatitimira

Zida zokokera zisankhidwe potengera GVM, osati kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Winchi ikhale yokoka kamodzi ndi theka ka GVM: ya 3,000 ikufuna 4,500, ndiye ya mapaundi 9,500, yomwe ndi makilogalamu 4,300, yaperewera pang'ono, pamene ya mapaundi 12,000 ili bwino. Lamba wotamuka wokokera akhale woduka pa mphamvu yoposa GVM kawiri kapena katatu, ndipo muwerengere galimoto yopepuka pakati pa yokoka ndi yokokedwa. Wolimba kwambiri satamuka, amangokoka mwadzidzidzi n'kuzula zitsulo.

Galimoto yokhala pamimba m'matope imatha kufuna mphamvu yoposa kulemera kwake kawiri, chifukwa matope amaiyamwa. Musanakoke, tsitsani katundu, kumbani kutsogolo kwa matayala onse ndi pansi pa difu, ikwezeni ndi jeke yokhazika pa thabwa lalikulu, muike miyala kapena nthambi pansi pa matayala. Lamba amangidwe pa ngowe zomangidwa ku chasisi ndi mabawuti olimba. Pa kampira kokokera ngolo musayerekeze: kamathyoka n'kuuluka ngati chipolopolo kulowera ku galasi la galimoto inayo. Ana ndi onse obwera kudzaonerera aime patali, mtunda woposa kutalika kwa lambayo kamodzi ndi theka, ndipo pakati pa lamba ponyanipo thumba lonyowa kuti akaduka agwere pansi.