Kubweza mphamvu ya injini ya MGB yakale kuno ku Lusaka

Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse okwera. Ndiye kuti galimoto ya MGB ya 1798 cc imene inatuluka kufakitale ya ku Abingdon, ku England, ndi mahosipawa 95, ikafika kuno yataya kale oposa 10 ngakhale ili yabwinobwino. Amenewo ndi a mpweya wopepuka, simungawagule m'sitolo. Koma ambiri mwa abale athu amene ali ndi galimoto zotere akutaya ena ochuluka chifukwa cha tinthu tosatcheredwa bwino, kenako n'kuthamangira kuitanitsa kabyuleta ya Weber 45 DCOE ku Johannesburg. Pa galimoto yoyenda mumsewu wamba, Weber imangowonjezera kumwa petulo. Makabyuleta awiri a SU amene galimotoyi inabwera nawo ngokwanira.

Yambani ndi kompuresheni, kupanikizika kwa mpweya m'masilinda. Injini itenthe, chotsani mapulagi onse anayi, pondani moto mpaka pansi, n'kuyeza silinda iliyonse. Nambala idzatsika pang'ono poyerekeza ndi ya m'buku chifukwa cha mtunda, musadabwe. Chofunika n'chakuti masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Ina ikatsika, thirani sipuni yaing'ono ya oyilo pabowo la pulagi muyezenso: ikakwera, maring'i atha; ikapanda kusintha, vuto lili m'mavalavu. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, hedi gasiketi yapsa pakati pawo.

Mavalavu amatcheredwa pa 0.38 mm injini itazizira, pa mainjini oyamba. Njira yake njosavuta: valavu 8 ikatseguka kwathunthu tcherani 1, ikatseguka 6 tcherani 3, nthawi zonse nambala ziwirizo mukaziphatikiza zikwane 9. Mukapeza kuti mavalavu a ekizozi akumangothina mwezi ndi mwezi, akumira m'hedi. Mahedi akalewa anapangidwira petulo wa mtovu, amene m'chigawo chathu chino anasiya kugulitsidwa pofika 2006. Mankhwala othira m'thanki amathandiza kwa kanthawi, koma chokhalitsa n'kupereka hedi kwa amisiri aike mipando ya valavu yolimba.

Kenako moto wa kumapulagi. Mapointi a distributor (chogawa moto kumapulagi) ya Lucas 25D4 amafuna mpata wa 0.35 mpaka 0.40 mm, mapulagi a NGK BP6ES mpata wa 0.64 mm. Gwedezani shafti ya distributor ndi chala. Ikamasewera, taiming'i (nthawi imene mapulagi amathetheka) siidzakhazikika ngakhale makaniko atachita bwanji. Yamwani kapaipi ka vacuum muone ngati mbale ya mapointi ikusuntha. Mukafuna kuika electronic ignition m'malo mwa mapointi, onani kaye mbali ya batire imene yalumikizidwa kuthupi la galimoto, chifukwa MGB zambiri zopangidwa 1967 isanathe n'za positive earth, kutanthauza kuti mbali ya + ndiyo imalumikizidwa kuthupi, ndipo mukasokoneza kachipangizoko kamapsa nthawi yomweyo. Taiming'i ikani ya m'buku, kenako muipititse patsogolo madigiri awiri basi, mukayese pachitunda ndi giya yomaliza. Mukamva kulira ngati timiyala m'chitini, bwezani msanga, chifukwa kumeneko kumaboola pisitoni.

Kabyuleta ndiyo yomaliza, ndipo apa mpamene ambiri amalakwitsa poyambira pomwepa. Sinthani sefa za mpweya, fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limazitseka msanga. Thirani oyilo wa 20W-50 m'timachubu ta pamwamba pa ma SU. Popanda oyiloyu galimoto imatsamwa mukaponda moto. Kwezani majeti mpaka alingane ndi mlatho wa m'khosi mwa kabyuleta, muwatsitse pozunguza nati kawiri. Masulani cholumikiza makabyuleta awiriwo, ikani kapaipi kukhutu, mumvere kukoka kwa mpweya pakamwa pa iliyonse mpaka zifanane, injini ikuyenda cha m'ma 800 rpm. Tsopano nyamulani pisitoni ya kabyuleta ndi kapini kake, osafika milimita imodzi. Injini ikakwera pang'ono n'kubwerera, zili bwino. Ikakwera n'kukhala pomwepo, petulo wachuluka, zimene zimachitika kawirikawiri kuno. Ikafuna kuzima, wachepa.

Musachepetse petulo mopitirira, makamaka inu amene mumapita kumudzi pa Great East Road. Pa mlatho wa Luangwa msewu umatsika kwambiri, mpweya n'kulemera, kutentha n'kukula. Injini yochepetsedwa petulo ku Lusaka imayamba kutentha ndi kulira pokwera zitunda zolowera ku Nyimba. Thermostat, kavalavu koongolera kutentha kwa madzi a injini, musachotse, monga amalangizira ena m'magalaja. Ikani ya madigiri 74 kapena 82, mutsukitse ledieta, ndipo chitsulo chotchinga kutentha pakati pa makabyuleta ndi ekizozi chikhalepo ndithu, apo ayi mu Okutobala petulo amawira m'timbale ta makabyuleta galimoto n'kukana kulira mutangoima pang'ono.

Mukawoloka pa Mwami kulowa Mchinji, petulo wa ku Malawi ngosakaniza ndi ethanol, amene amadya labala wakale ndi kuchotsa dzimbiri la m'thanki. Musananyamuke sinthani mapaipi onse a petulo muike amakono, muikenso kasefa koonekera mkati pafupi ndi makabyuleta, kena kapadera mutengere m'buti pamodzi ndi mapointi ndi kondensa.