Lamba wa mabarote: mmene ndimamangira khonde lamatabwa kuti lisapendekeke

Kuno ku Angónia ambiri pansi pa nyumba timathira simenti kapena kuzira ndi dothi, ndiye ntchito yoyala matabwa pansi siibwerabwera. Koma imapezeka ndithu. Wina wamanga baraka pamalo otsetsereka ndipo akufuna khonde lokwezeka, wina akufuna thandala losanjikapo matumba a mbatatesi kuti asakoke chinyezi. Yanga yoyamba ndinaigwira kufupi ndi Ulónguè ndikadali kuphunzira kwa amalume, ndipo inandichititsa manyazi.

Ndinazika nsanamira, n'kugoneka mitanda iwiri, n'kuimika mabarote pamwamba pake, kenako matabwa opondapo. Mabarote ndi matabwa ondandalika kunsi amene amanyamula matabwa opondapowo. Mitu ya mabarote ndinangoisiya pamtunda. Mwiniwake atasanjika matumba mbali imodzi, mabarote atatu anapendekeka, misomali n'kuzuka. Amalume atafika anayang'ana kanthawi, n'kundifunsa kuti, "Iwe mphwanga, thalauza lopanda lamba limakhala bwanji m'chiuno?" Kuyambira tsiku limenelo thabwa lotseka mitu ya mabarote, limene ndinalisiya osaikalo, ndimalitcha lamba. M'mabuku a Chingerezi amaliti rim joist.

Lamba ndi thabwa loimika ngati barote, koma limadutsa chopingasa n'kutseka mitu ya mabarote onse. Barote wa 5 cm ndi 15 cm mphamvu yake ili poimirira. Yemweyo mukamugoneka chafulati amapindika ka 9 kuposa ali chiimire. Ndiye ntchito yaikulu ya lamba ndi kugwira barote aliyense kuti asagwe cham'mbali ndiponso asasunthe pamalo ake. Ngati pamwamba pakubwera khoma lamatabwa, lamba amathandizanso kutsitsa kulemera kwa khomalo mpaka pamaziko.

Poyamba sankhani thabwa lowongoka kuposa onse amene mwagula, lofanana msinkhu ndi mabarote anu, komanso louma. Paini wamuwisi akauma amafota, ndipo mukapita naye kotentha ngati ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, mpata umaonekera msanga. Matabwa ocheka pamanja salingana, choncho muzilinganiza pamwamba, kusiyanako kuthawire kunsi kumene sikusokoneza matabwa opondapo.

Ikani malamba awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, mophatikiza, ndipo mulembe onse nthawi imodzi ndi tepi ndi sikweya (chida choyezera ngodya). Ine ndimasiya 40 cm kuchokera pakati pa barote mpaka pakati pa mnzake. Mukalemba lililonse palokha, kaphonyedwe kakang'ono kamachititsa kuti mabarote ayende mokhota. Barote aliyense mumuyang'ane ndi diso limodzi kuchokera kumutu: ngati ali ndi kamsana, kamsanako kaloze kumwamba, katundu adzakawongola yekha. Mutu wake muudule ndi sikweya kuti ugundane bwino ndi lamba.

Pokhoma, misomali itatu ya mainchesi 4 pa barote aliyense, wina pamwamba, wina pakati, wina kunsi, yolowera ku lamba kupita m'mutu mwa barote. Umodzi wokha sukwanira chifukwa barote amazungulira pa msomaliwo. Bulugamu wouma amang'aluka msanga, ndiye yambani mwaboola kabowo kakang'ono, kapena fwifwitsani nsonga ya msomali ndi hamala. Musanakhome matabwa opondapo, onani ngodya: yezani 90 cm mbali ina, 120 cm mbali inayo, pakati pa zizindikiro ziwirizo papezeke 150 cm. Kenako kokani tepi chopingasa kuchokera pangodya kufika pangodya, uku ndi uku, miyeso ifanane.

Tsopano apa m'pamene amisiri anzanga ambiri amalakwitsa, ndipo ndimakangana nawo. Msomali wolowa m'mutu mwa thabwa umayenda motsata mitsempha ya mtengo, sugwira kwenikweni. Ndi wokwanira kuletsa barote kupendekeka, koma si woti n'kusenza matumba makumi awiri a chimanga. Mabarote akhale pamtanda, mtandawo ukhale pansanamira. Ngati malo akukakamizani kuti mabarote alendewere pa lamba, phatikizani matabwa awiri akhale lamba mmodzi wochindikala, mumukhazike pansanamira, ndipo barote aliyense akhale m'kachitsulo komunyamula kapena pakathabwa kokhomerera kunsi kwa mitu yawo. Lamba akafupika n'kufunika kulumikiza, mfundoyo igwere pansanamira kapena pamutu pa barote, ndi kachidutswa kothandizira kumbuyo.

Za chotchingira khonde ndinene mwachidule. Mizati yake imangidwe ku lamba ndi mabawuti awiri a 12 mm okhala ndi mawashala, osati misomali. Munthu akatsamira chotchingira, mzatiwo umakoka lamba kumuchotsa ku mabarote, choncho kumbuyo kwa mzati uliwonse ikani chidutswa chomangirira ku mabarote oyandikana nawo.

Chimene chimapha lamba ndi madzi. Ndiye amene ali kunja, mvula yathu ya Novembala mpaka Epulo imayambira pa iye, ndipo mitu ya mabarote imene waiphimba imamwa madzi ngati nzimbe yodula. Pakani mankhwala oteteza matabwa pamitu yonse musanaitseke, chifukwa mukakhoma simudzafikaponso. Ngakhale paini wogula wothira kale mankhwala, pamene mwadulapo pakani. Ambiri kuno amapaka oilo wakuda wa galimoto. Ine pathandala losungirapo chakudya sindimulola, fungo lake limalowa m'matumba. Matabwa opondapo apitirire lamba ndi 2 kapena 3 cm kuti madzi azidontha osamutsata, ndipo pakati pawo musiye mpata wokwana msomali. Lamba asakhudze dothi, ndiponso musaunjike nkhuni momutsamira, chifukwa chiswe chimakwera mobisala kuseri kwake, kunja kukuoneka bwinobwino.

Mvula ikatha, chaka chilichonse ndimalowa kunsi kwa khonde langa ndi tochi ndi msomali wautali, n'kumabaya lamba pafupi ndi mutu wa barote aliyense. Pamene msomali walowa mosavuta, thabwalo ndimalisintha mwezi womwewo, mabarote asanayambe kuwola nawo.