Parafini ndi sopo wochapira zikutimalizira manja

Masabata atatu apitawa ndayendera minda ya fodya ndi chimanga kuyambira ku Chiparamba mpaka cha ku Chadiza, ndipo chimene chandidetsa nkhawa kuposa mbozi za m'chimanga ndi manja a alimi. Pa msonkhano uliwonse pamakhala wina wobisa manja m'chitenje kapena m'thumba. Ndikamupempha kuti atambasule, ndimaona zikhatho zouma gwa, nsonga za zala zong'ambika mpaka kuoneka kofiira m'kati, pena timatuza tamadzi tondandana m'mbali mwa zala. Ndikafunsa chimene amasambira pochoka kumunda, yankho silisintha: parafini, mchenga ndi sopo wochapira zovala.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Utomoni wa fodya wa bale ukamata pa zala umada bii, madzi okha sauchotsa, ndipo palibe amene amafuna kugwira nsima ndi manja otero. Koma khungu lili ndi mafuta ake amene amatseka timipata take, monga dothi lomatira nkhokwe. Parafini ndi sopo wochapira zimasungunula mafuta, ndipo sizisankha kuti awa ndi a fodya, awa ndi a munthu. Mchenga umadzapala zotsala. M'mawa mwake manja omwewo alowa m'thumba la yureya osavala kanthu, madzulo ali m'beseni la zochapa. Khungu silipeza tsiku lopuma, ndiye chikanga chimayamba. Chikapitirira miyezi 3, kapena chikamabwerera kawiri kapena kuposa pa chaka, a chipatala amati chakhazikika, ndipo pofika apo ngakhale madzi ozizira a pa mjigo amaluma.

Anthu amachipeputsa chifukwa sichigoneka munthu pamphasa. Tawerengani zimene chimadya. Usiku kuyabwa sikugonetsa, munthu amakanda ali m'tulo n'kudzuka ndi magazi m'zikhadabo. Mpini wa khasu umatsegula ming'alu imene inayamba kutseka. Mchere, tomato ndi anyezi zimasanduka moto. Kusoka fodya kumafuna zala zopindika bwino, ndiye mlimi amene ankasoka yekha wayamba kulipira aganyu, pamene ndalama yoyamba ya fodyayo sanaione n'komwe. Choopsa kwambiri ndi chakuti khungu long'ambika ndi khomo lotsegula. Mankhwala opopera thonje ndi chimanga amalowa mosavuta, chimodzimodzi nikotini wa m'masamba onyowa ndi mame, uja amachititsa chizungulire ndi nseru kwa othyola fodya m'mamawa.

Mayi wina amene amalima fodya komanso amagulitsa tomato pa msika wa Kapata ku Chipata anandikokera pambali titatha msonkhano. Anati, "Alangizi, ine ululu ndazolowera. Chondiwawa n'chakuti makasitomala akaona manja angawa amapita pa benchi ina. Kunyumba apongozi andipatulira mbale yanga, akuti mwina ndi khate. Pamaliro ndimapereka mkono m'malo mwa dzanja." Mwana wake wamng'ono anasiya kumusambitsa yekha. Ndinamufunsa chimene wapakapo, ndipo anatulutsa m'kachikwama chubu chofinyidwa mpaka kumapeto, cha mankhwala aja ena amayeretsera nkhope, chogula pamsika. Anati akapaka kumazizira masiku angapo, akaleka chimabwerera ndi ukali.

Ndinamuuza, ndipo ndikubwereza pano: chikanga sichipatsirana. Si khate, si mphere, ndipo palibe amene wakulodzani. Mungadye naye mbale imodzi, mungamupatse moni wa dzanja. Kumupatula munthu wotere ndi kumuonjezera matenda a mumtima pa matenda a khungu.

Koma zina timadzichitira tokha, ndipo apa ndiye pamanditopetsa. Wina apaka oyilo wakuda wa mu injini. Wina athira phulusa pa chilonda chotseguka. Wina andiuza kuti, "Makolo athu ankasamba ndi mchenga, manja awo anali bwino." Makolo athu sankagwira feteleza wa D Compound, yureya, mankhwala opopera ndi simenti m'sabata imodzi! Ndipo machubu a pamsikawo ambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone. Ndi mankhwala enieni, achipatala amawapereka kwa nthawi yoyezedwa, koma kuwapaka miyezimiyezi mwa inu nokha kumapepusa khungu n'kumang'ambika msanga, ndipo ngati vuto lanu ndi zipere mankhwalawa amazifalitsa. Bambo wina anandiseka kuti magolovesi ndi a anamwino. Yemweyo sangathe kumanga mabatani a malaya ake.

Chochita si chambiri. Utomoni wa fodya fewetsani ndi timadontho ta mafuta ophikira, pukutani ndi kansalu, kenako sambani ndi sopo wosambira wopanda fungo ndipo muumitse bwino pakati pa zala. Mankhwala opopera akakudonthokerani, sambani pomwepo ndi sopo ndi madzi ambiri, mafuta ayi. Feteleza thirani ndi kakapu kapena chitsekerero cha botolo. Popopera ndi pothyola valani magolovesi osalowa madzi, m'kati muike ansalu, ndipo muziwavula pafupipafupi chifukwa thukuta nalo limanyeketsa khungu. Mphete vulani pochapa. Vaseline pakani nthawi iliyonse mukasamba, ndipo usiku pakani wambiri n'kuvala masokosi oyera m'manja. Amuna ndi ana okulirapo, landirani beseni la zochapa kwa milungu ingapo kuti manja a amayi atseke.

Mukaona mafinya, nkhanambo zachikasu, kutupa kapena kutentha thupi, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo. Ngati palibe kusintha pakatha milungu iwiri, pitaninso, ndipo chikakanika pemphani kalata ya ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Tengani chubu chimene mwakhala mukupaka ndi dzina la mankhwala amene mumapopera, akaone okha.