Rozi Wongobzala Kumene Akatulutsa Maluwa Achilendo, Musathamangire Kuzula

Mayi wina anandiitanira kuseri kwa nyumba yawo kuti ndikaone rozi amene anagula pa nazale ina ya m'mbali mwa msewu. Pogula anawauza kuti adzatulutsa maluwa aakulu achikasu, koma pamtengopo panali timaluwa tofiira moderapo, ndipo khasu linali kale m'manja. Ndinati, "Mayi, tatulani kaye khasulo, tione kumene nthambiyi yachokera."

Rozi ambiri a pa nazale ndi omezanitsa, monga momwe timachitira ndi mango kapena malalanje. Mizu imakhala ya mtundu wolimba, kumtunda n'kukhala mtundu wa maluwa okongolawo. Pamene anamezanitsa pamaoneka kotupa ngati mfundo, pafupi ndi dothi. Nthambi yophuka m'munsi mwa mfundoyo si rozi amene munagula ayi, ndi mwini mizu. Ngati mizuyo ndi ya mtundu wa rozi wotchedwa Dr. Huey mudzaona maluwa ofiira moderapo, ikakhala ya Rosa multiflora mudzaona timaluwa toyera tambirimbiri pamodzi. Nthambi zotere zimakula mothamanga, ndipo mukazilekerera zimalanda chakudya mpaka wakumtunda uja kufota. Kudula pamwamba pa dothi n'kudzivuta chabe, zimaphukanso zambiri. Fukulani, pezani pamene nthambiyo yamerera, muikhadzule pomwepo. Ena amati tsamba la timasamba 7 ndiye chizindikiro cha nthambi yochokera ku mizu. Ine sindidalira zimenezo, poti rozi wabwinobwino nayenso amatero nthawi zina. Mfundo ija ndiyo mboni.

Nthambi ikakhala kuti yachokera pamwamba pa mfundo, kawirikawiri mankhwala ake ndi kudekha. Mizu ya rozi watsopano imakhala isanagwire, choncho maluwa oyamba amatuluka aang'ono, a masamba ochepa. Dzuwa la Okutobala limawawula mtundu n'kuwamasula msanga. Usiku wozizira wa mu Juni ndi Julaye, monga wa ku Dedza, umatulutsa maluwa ophwathalala ngati apondedwa. Nthawi ya mvula ena amakana kumasula, masamba akunja a duwalo amamatirirana n'kuwola. Amenewo thyolani, mukataye kutali. Mwina mudzaona timasamba tobiriwira kapena kaduwa kena katamera pakati penipeni pa duwa. Si matsenga. Zimabwera ndi kusinthasintha kwa nyengo kapena feteleza wa nayitirojeni akachuluka, ndiye amene mumathira urea wotsala ku munda wa chimanga, chepetsani dzanja. Manyowa owola bwino, madzi okwanira kawiri kapena katatu pa sabata m'chilimwe, ndi kuphimbira ndi udzu wouma, basi. Ine ndimathothola maluwa oyambirira asanamasule kuti mphamvu ipite ku mizu, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri mtima suwalola.

Duwa likamatuluka lopindika, m'mphepete mwake muli mwa bulawuni ngati lapsa, ligwedezeni pamwamba pa pepala loyera. Mukaona tizilombo tating'ono, towonda ngati kachidutswa ka ulusi, tikuyenda papepalapo, amenewo ndi ma thrips, ndipo amakonda maluwa oyera ndi achikasu. Chotsani maluwa ogwidwawo. Nsabwe za m'masamba zimaunjikana pansonga. Zikachepa, madzi a sopo pang'ono amathana nazo.

Chimene chimandidetsa nkhawa masiku ano ndi mankhwala opha udzu. Rozi sapirira mankhwala otere otchedwa glyphosate. Kamphepo kakangouluza mankhwalawo kuchokera ku munda woyandikana, kapena mukapopera rozi ndi sipuleya imene munapherako udzu, nthambi zatsopano zimatuluka zothinana, masamba owonda ngati singano, maluwa opunduka, nthawi zina patapita miyezi. Dulani zowonongekazo, thirirani, dikirani. Ena amachira, ena ayi. Sipuleya ya udzu ikhale ya udzu basi, muilembe ndi penti.

Kwa mayi aja tinafukula n'kupeza nthambi 3 zochokera ku mizu. Kanthambi komezanitsidwako kanali kakadali moyo, kobisika m'kati mwa zinzakezo, kali ndi timasamba tochepa chabe.