Akakuuzani kuti njira ya mkodzo aikonza ndi loboti

Impso iliyonse ili ndi kapayipi kake kotsitsira mkodzo kuchikhodzodzo. Madokotala amakatcha ureter. M'litali kamakwana masentimita 25 mpaka 30, koma n'kowonda zedi, mamilimita atatu kapena anayi basi. Kakachita chipsera mkati kamaphinjika, mkodzo n'kumadikha kumtunda, impso n'kutupa. Ena amamva kupweteka m'mbali chapansi pa nthiti, ena matenda a m'chikhodzodzo sawatha, ndipo alipo amene samva kalikonse mpaka impso itafooka.

Ife okhala kunja tidziwe kuti madokotala a ku Ulaya kapena ku America amayamba aganizira zimene amaziona kawirikawiri: miyala ya mu impso, kuvulala pa opaleshoni yochotsa chiberekero kapena yobereketsa, radiotherapy (kuwotcha khansa ndi makina), endometriosis (matenda a amayi pamene minofu yonga ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwake), kapena kubadwa nalo vutolo. Chimene angachiphonye ndi likodzo. Ngati paubwana wanu munkasamba m'mitsinje kapena m'nyanja, kaya munakodzapo magazi, nenani musanafunsidwe, ngakhale papita zaka 20. Mazira a tizilombo ta likodzo amakanirira m'chikhodzodzo ndi kumunsi kwa ureter, n'kusiya zipsera. Praziquantel amapha tizilomboto koma chipsera chakale sachichotsa. Pemphani akuyezeni magazi ndi mkodzo, ndipo mkodzowo ukhale wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri. TB nayo imagwira njira ya mkodzo, choncho ngati munadwalapo musabise. Kusoka pamalo pamene matenda akadali moyo n'kutaya nthawi.

Mawu akuti loboti asakuopseni, siiganiza yokha. Makina ofala ndi da Vinci, a kampani ya Intuitive Surgical, amene analoledwa ku America mu 2000. Mutagonekedwa tulo, amaboola timabowo tinayi kapena tisanu pamimba, kalikonse pafupifupi sentimita imodzi, n'kupopera mpweya m'mimbamo kuti mukhale malo. Dokotala amakhala pampando m'chipinda chomwecho, nkhope ataizika pa makina oonera, zala zili m'timphete, mapazi ali pa zopondera. Akapinda dzanja, kachipangizo kali m'mimba mwanu kamapindanso chimodzimodzi, koma kosanjenjemera. Pa kapayipi kochepa ngati aka, kofuna ulusi wonga tsitsi, m'pamene makinawa amaonetsa phindu lake. Mabala amakhala aang'ono, magazi otayika ochepa, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala patatha tsiku limodzi kapena awiri.

Kakonzedwe kamadalira pamene pali chipsera ndi kutalika kwake. Chikakhala chachifupi amachidula n'kulumikiza mbali ziwirizo. Chikakhala polumikizira impso, opaleshoniyo amaitcha pyeloplasty. Chikakhala kumunsi, monga zimakhalira ndi likodzo, amadula n'kusokerera kapayipiko pamalo atsopano pachikhodzodzo, mwina kukokera chikhodzodzocho m'mwamba kuti zikumane. Chipsera chachitali amachiyika chigamba, ndipo chigambacho amachitenga mkati mwa tsaya lanu. Zimadabwitsa kumva, koma khungu la m'kamwa linazolowera kale chinyontho ndipo limagwira bwino. M'kamwamo mumawawa masiku angapo, kenako mumapola. Zikavuta kwambiri amagwiritsa ntchito chidutswa cha matumbo.

Asanakhudze mpeni amakujambulani mkati ndi sikani ya CT, komanso sikani yotchedwa MAG3 yoonetsa gawo la ntchito limene impso iliyonse ikugwira. Impso ikapezeka itatheratu angakuuzeni zoichotsa m'malo moikonzera njira. Ena amawaika kachubu kumsana kotulutsira mkodzo m'thumba kwa milungu ingapo kuti potupa paphwe kaye.

Ine ndimati funso lofunika si lakuti chipatala chili ndi loboti kapena ayi. Funsani dokotalayo kuti opaleshoni yamtundu umenewu amaichita kangati pachaka, chifukwa ambiri odziwa loboti anazolowera opaleshoni ya prostate, kachiwalo ka amuna kali pansi pa chikhodzodzo, osati kumanga ureter. Mufunsenso chimene adzachite akapeza kuti chipsera n'chachitali kuposa mmene sikani inaonetsera, ndiponso ngati angafike pong'amba mimba. Chingerezi cha m'chipatala chikakukanikani pemphani womasulira, kapena dokotala akujambulireni papepala. Musasayine fomu imene simunaimvetse chifukwa cha manyazi. Ku UK njira imayambira kwa GP, dokotala wanu wa nthawi zonse, iye ndiye amakutumizani kwa dokotala wa urology, katswiri wa njira ya mkodzo. Ku South Africa ndi ku America, pezani chilolezo cha medical aid kapena inshuwalansi cholembedwa tsiku lisanafike, chonena kuti akulipira njira ya loboti, osati opaleshoni chabe.

Mukadzuka mudzapeza kachubu ka mkodzo, mwinanso kena kotulutsa madzi pamimba. Phewa likamapweteka musadabwe, ndi mpweya uja. Chimene chimavutitsa ambiri ndi stent, kachubu kofewa kopindika mbali zonse ziwiri kamene amakasiya mkati kuyambira mu impso mpaka m'chikhodzodzo, kawirikawiri milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Kamakuthamangitsani kuchimbudzi pafupipafupi, mkodzo umafiirira mukayendayenda, ndipo pokodza mumamva kulasa m'mbali. Zimenezo n'zoyembekezeka. Koma thupi likatentha kufika madigiri 38, mukamanjenjemera, kusanza kosalekeza kapena mkodzo ukasiya kutuluka, pitani ku emergency usiku womwewo, osadikira kuche.

Ambiri kunja kuno timagwira ntchito zonyamula: kutembenuza okalamba pabedi, makatoni m'mawarehouse, zomangamanga. Milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi simuyenera kunyamula zolemera, ndiye tengani kalata ya dokotala mupereke kwa abwana nthawi ikadalipo. Kuthamangira shifti sabata yachiwiri kungakubweretsereni chophuka pa timabowo tija.

Ndipo tsiku lochotsa stent mulilembe musanatuluke m'chipatala. Ife osamukasamuka, osintha adiresi ndi nambala ya foni, kalata yotiitana imatiphonya mosavuta. Stent yoiwalika imamera miyala ndipo ikhoza kuwononga impso imene mumafuna kupulumutsa. Kuichotsa pa nthawi yake ndi ntchito ya mphindi zochepa, nthawi zambiri muli maso. Ngati mukukonza ulendo wautali wa pandege, dikirani ichoke kaye, mupangitsenso sikani yotsatira, ndipo munyamule kalata yofotokoza opaleshoni imene anakuchitani ndi mbali imene anakonza.