Kusankha ma disiki a kompyuta ya magemu kuno ku Mangochi

Ngati ndalama zikukwana disiki imodzi yokha, gulani SSD (disiki yosunga mafailo m'machipu, yopanda mbale zozungulira ngati za hard disk) ya mtundu wothamanga kwambiri wa NVMe, ya 1TB (pafupifupi 1,000GB), muikemo Windows ndi magemu omwe mumasewera kawirikawiri. Ya 256GB imadzadza msanga, poti magemu akuluakulu amakono ena amadya malo opitirira 100GB.

Kusiyana kwa liwiro ndi kotere: hard disk wamba ya 7200rpm imawerenga pafupifupi 150MB pa sekondi, SSD ya SATA (kalumikizidwe kakale komwe hard disk imagwiritsanso ntchito) 550MB, NVMe yodutsa pa kalumikizidwe kothamanga ka PCIe 3.0 mpaka 3,500MB. Komatu SSD siwonjezera FPS (kuchuluka kwa zithunzi zomwe gemu imaonetsa pa sekondi) ayi. Chomwe imachita ndi kutsegula gemu mwachangu ndi kuchepetsa kudodomadodoma pamene mapu akulowa.

Musanagule, onani m'buku la motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo) ngati ili ndi malo a M.2 (polowetsa SSD yaing'ono yopanda chingwe) komanso ngati amalandira NVMe. Pa ma board ena, mukaika M.2, doko limodzi la SATA (polumikiza chingwe cha disiki) limasiya kugwira ntchito, ndiye munthu n'kumaganiza kuti disiki yapsa.

Kutentha kwa kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, sikwamasewera. NVMe ikafika cha m'ma 70°C imachepetsa yokha liwiro, choncho ikani heatsink (kachitsulo kochotsa kutentha) ndipo muzipukuta fumbi m'mafani.

Hard disk ya 2TB onjezerani pambuyo pake, yosungira mafilimu ndi magemu akale. RAID 0 (kugawa mafailo pa ma disiki awiri kapena kuposerapo kuti azigwira ntchito ngati disiki imodzi) isiyeni: disiki imodzi ikafa, zonse zapita. Ndalamazo bola mugulire UPS (batire lopatsa kompyuta mphamvu kwa kanthawi magetsi akazima), chifukwa magetsi akazima disiki ikulemba, mafailo amawonongeka. Disiki ya kaunjika yambani mwaiyeza ndi CrystalDiskInfo, pulogalamu yoona ngati disiki ili bwino, musanalipire.