Mmene mungadziwire zojambula za Company za ku India

Zojambula za Company ndi zithunzi zomwe amisiri a ku India ankajambulira azungu a East India Company, kampani yamalonda ya ku Britain. Yambani kaye kuona chomwe anajambulapo, zambiri ndi penti wa madzi papepala koma zina zili pa mica, kamwala kopyapyala koonekera ngati galasi, m'mizinda ya Patna ndi Trichinopoly ankakakonda heve. Kenako onani kumbuyo kwa munthu wojambulidwayo, nthawi zambiri kuli mbee chifukwa azungu a East India Company omwe ankagula cha m'ma 1800 ankangofuna kuona zovala ndi ntchito za anthuwo basi. Ntchitoyo muidziwira pa zomwe wanyamula, wochapa ndi mtolo wake wa zovala, wometa ndi lumo. Ojambula a mumzinda wa Thanjavur ankakonda kuika bambo ndi mkazi wake limodzi. Wopembedza wachihindu muoneni pachipumi, mizere itatu yopingasa ya phulusa ameneyo ndi wa mulungu Shiva, koma chizindikiro chikaima ngati U ndi wa mulungu Vishnu.